Dehumidifier ya desiccant kapena ya kompresa, ine zonse ndagulapo

Abale a kuno ku Manchester mwandifunsa kokwanira za makina ochotsa chinyezi m'nyumba, ndiye ndiyankhe kamodzi basi.

Ndinayamba ndi ya kompresa. Pabokosi analembapo malita 20 patsiku, ine kusangalala kuti chuku chakuda chija cha pakhoma chatha. Ndinaiika kuchipinda chakumbuyo komwe timayanika zovala, kopanda hita, mu Januwale, kutacha ndikupeza timadzi tosadzadza ndi kapu ya tiyi yomwe. Kani 20 ameneyo amayezera pa madigiri 30 ndi chinyezi cha 80%, nyengo ya ku Nsanje nthawi ya dzinja imeneyo, osati ya kuno! Imagwira ntchito ngati firiji, mpweya umadutsa pa mapaipi ozizira madzi n'kumadontha, ndiye chipinda chikazizira kutsika pa madigiri 15 mapaipi aja amayamba kugwira ayezi, makina n'kumaimaima kuti asungunule. Wogulitsa sanandiuze zimenezi ndipo mpaka lero zimandiwawabe.

Ya desiccant analemba malita 8 okha, ndinkachita kuiderera. Mkati muli gudumu la zeolite (mtundu wa mwala woyamwa chinyezi) lomwe limazungulira pang'onopang'ono n'kumayamwa chinyezi, kenako kahita kamaliumitsa kuti liyambirenso, ndiye kuzizira sikuisokoneza. Chipinda chomwe chija thanki imadzadza, majinzi kuuma usiku umodzi, mpweya wotuluka ndi wofunda.

Koma kahita kameneko ndi kamene kamadya ndalama. Pa high imakoka mawati 650, maola 8 ndi mayunitsi 5.2, pomwe ya kompresa ya mawati 200 ndi 1.6 basi. Amene muli pa mita yolipiriratu mukundimva. N'chifukwa chake m'nyumba zikuluzikulu ena amaumitsa gudumulo ndi kutentha kotsala kwa makina ena kapena kwa dzuwa, ife kufulati tilibe mwayi umenewo. Chomwe ndimachita n'kutseka chitseko ndi mawindo, kuiika pa low, kutchera chinyezi pa 55% kuti izizima yokha, komanso kupukuta fyuluta sabata iliyonse.

Phokoso? Desiccant ndi fani chabe. Kunyamula ndi yopepuka. Kafungo kali ndithu masiku oyamba.

Ngati pabalaza panu pamakhala hita tsiku lonse gulani ya kompresa, mupulumutsa magetsi, sindikana. Yanga ya kompresa ndinapatsa mlamu wanga, nayitenge, kwanga sidzalowanso.