Galasi la agogo ndinakaliyezetsa ku shopu ya zinthu zakale

Galasi ili agogo analipeza ku Joni komwe ankaphikira azungu, lili ndi maluwa ozokota m'mphepete monse ndipo kwathu aliyense ankangoti ndi la ku Venice, la ndalama zankhaninkhani. Ndiye ndinalikulunga mu bulangete nkupita nalo pa shopu ina ya zinthu zakale konkuno ku Johannesburg.

Bambo a pa shopupo ndi ofatsa zedi, sanathamangire kutchula mtengo. Analitembenuza kaye nkuwunika kumbuyo ndi tochi, akuti magalasi akalekale ankawapaka mercury wosakaniza ndi tini ndipo akakalamba amanyezimira ngati mchenga, pomwe njira ya siliva anaitulukira Justus von Liebig mu 1835. Lathuli ndi la siliva, timadontho takuda basi. Chomwe chinandimaliza ndi masikuluwu ake, a mtanda aja, anayamba m'ma 1930. Ndiye kuti si lakalekale ayi, ndi longotengera sitayilo ya ku Murano, chilumba cha ku Venice chotchuka ndi magalasi, ine kukamwa yasa!

Chondinyansa nchoti anandidikiritsa pafupifupi ola lathunthu, kalata ya mtengonso amalipiritsa padera. Koma anandiletsa kulipopera mankhwala otsukira mawindo, akuti madzi akalowa m'mphepete siliva amadyeka, kansalu kouma kakwana. Ndipitanso ndi wotchi ya agogo aamuna.