Maphunziro a masana a ana a Sitandade 1: zimene ndaona pa materemu awiri

Mwana wanga wamkazi anayamba Sitandade 1 mu Seputembala ali ndi zaka 6, pasukulu ya boma ya m'dera lathu kuno ku Lilongwe. Chichotsereni fizi ku pulayimale mu 1994, makalasi a ana aang'ono akhala odzaza, ndipo m'kalasi mwa mwanayu mphunzitsi mmodzi amayang'anira ana oposa 100. Teremu yoyamba itatha, ankayimba a, e, i, o, u mokweza ndiponso mosalakwitsa, koma ndikamulozera lembo la e palokha ankangondiyang'ana kumaso kuti ndimuuze. N'chifukwa chake mu Januwale ndinamulembetsa ku maphunziro a masana, amene ambiri amawatcha patitaimu, kwa mayi wina amene anapuma pantchito yauphunzitsi.

Mayiwa amaphunzitsira pakhonde la nyumba yawo masiku anayi pa sabata, ndipo salandira ana opitirira 12. Njira yawo ndi yomweyo imene sukulu za boma zikutsata chiyambireni pulogalamu ya dziko lonse yophunzitsa kuwerenga mu 2016, yoyamba ndi liwu la lembo, kenako maphatikizo, kenako mawu athunthu. Chimene kholo limalipira kwenikweni pakhondepa ndi khutu la mphunzitsi, pakuti mwana aliyense amawerenga payekha, ndipo palibe gulu loti abisalemo pongotsatira pakamwa pa anzake.

Tsiku lina ndinafika msanga ndipo ndinakhala pambali kuonerera. Mayiwa anali atadula katoni ya sopo m'tizidutswa n'kulembapo maphatikizo. Anapatsa mwana wanga kachidutswa ka ma ndi ka no, namuuza kuti atiyandikizitse. Anatchula payekhapayekha kawiri konse, ndipo kachitatu anafuula kuti mano, uku akugwira pamalo pamene dzino lake linali litangoguluka kumene. Mnzake amene ankasokoneza b ndi d sanakalipiridwe, koma anamutengera pabwalo kuti alembe malembowo ndi chala pamchenga mpaka dzanja litazolowera mbali imene mimba ya lembo imayang'ana.

Pa masamu ndiye sindinakhutire. Zitsekerero za mabotolo ndi timitengo towerengera zilipo m'chitini, koma nthawi zambiri ana amangolakatula manambala mpaka 100, kotero kuti mwana wanga ndikamutuma kuti andipatse tomato asanu ndi awiri ankabweretsa asanu kapena asanu ndi anayi. Chingerezi nachonso chimangothera m'nyimbo ndi m'malonje. Malo nawonso ali ndi vuto lake: mvula ya mu Febuluwale ikawomba cham'mbali khonde lonse limanyowa, ana amabwezedwa kwawo, ndipo masiku otayikawo sabwezedwa ngakhale kuti ndalama imaperekedwa yonse kumayambiriro kwa mwezi. Ndikulangizanso makolo kuti mwana azipita atadya ndi kupumako pang'ono, chifukwa amene amachokera kusukulu n'kulunjika komweko amayamba kuodzera phunziro lisanafike pakati.

Ndidzamulembetsanso akalowa Sitandade 2, koma masamu ndiziphunzitsa ndekha kunyumba. Sabata yatha tili kugolosale anaima patsogolo pa chikwangwani cholembedwa kuti ngongole mawa. Phatikizo la ngo linamukanika, choncho analumpha liwu loyambalo n'kuwerenga lachiwiri, ndipo anafunsa mwini golosale kuti mawa kudzachitika chiyani.