Monkey Bay kapena Metangula: wa ku Angónia akaonere kuti nyanja?

Chaka chatha akwaya a kumpingo kwathu kuno ku Ulongwe anasonkherana ndalama kuti akaone nyanja. Ambiri mwa iwo madzi aakulu omwe anawaonapo ndi mtsinje wodzaza m'dzinja basi. Atakhala pansi kuti akonze ulendo anagawikana. Ena amati apite mbali ya Malawi poti ndi pafupi, ena amati ulendo woyamba wotere uyenera kukathera pagombe la dziko lathu la Mozambique, ku Metangula. Anandiitana kuti ndiwathandize chifukwa ndinafikako konse kuwiri, ndipo zomwe ndinawauza ndi zimene ndikulemba pano.

Nyanja ndi imodzi yomweyo. Amalawi amati Nyanja ya Malawi, ife kusukulu tinaphunzira kuti Lago Niassa. M'litali mwake imaposa makilomita 560 ndipo pena ndi yakuya mamita 700. Malire a Malawi ndi Mozambique amadutsa pakati pa madzi, monga anagwirizanirana Angerezi ndi Apwitikizi mu 1954, koma zilumba za Likoma ndi Chizumulu ndi za Malawi ngakhale zili m'madzi a mbali yathu.

Kusiyana kwakukulu kuli pa msewu. Kupita ku Monkey Bay mumakwera chapa (minibasi) m'mawa mpaka pa malire pa Calomue, kudinditsa pasipoti, kulowa Dedza. Mukatsata msewu wa M1 kulowera kumwera mumakhota pa Masasa n'kutsika phiri la Khwekhwerere mpaka ku Golomoti. Msewu umenewu ndi wokhotakhota, ndipo amene amachita chizungulire m'galimoto akhale pawindo. Mukadali pamwamba, nyanja imaonekera patali ngati chitsulo chonyezimira, ndipo mphepo yozizira yomwe tinazolowera kwathu imasanduka kutentha musanafike m'munsi. Mukanyamuka m'mamawa, nsima ya madzulo mumadyera pagombe tsiku lomwelo.

Ku Metangula kulibe njira yachidule. Mukafuna kuyenda osatuluka m'Mozambique mudzazungulira masiku angapo, choncho aliyense amadutsa m'Malawi momwemo: Dedza, Golomoti, Mangochi, kukwera mapiri a Namwera, kutuluka pa Chiponde n'kulowanso kwathu pa Mandimba. Kuchoka pamenepo kufika ku Lichinga ndi makilomita pafupifupi 150, kenako ena oposa 100 otsetserekera kunyanja. Pa basi ndi chapa muwerengere masiku awiri kupita, awiri kubwerera, ndi zidindo zinayi m'pasipoti ulendo umodzi wokha. Ku Mangochi mumakhala mwadutsa kale pafupi ndi nyanja yomwe mukuitsatayo, ndipo ana m'basi sadzamvetsa chifukwa chake simukutsika.

Pa ndalama, Metangula ndi yofewa. Mumagula ndi metikali, ndalama zanu za pafoni za M-Pesa ndi e-Mola zimagwira ntchito, foni yanu ndi yomweyo. Mbali ya Malawi muyenera kusintha ndalama, ndipo chichokereni Novembala 2023 pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo kumeneko sikhazikika. Mtengo wa chipinda womwe mnzanu anakuuzani miyezi isanu ndi umodzi yapitayo musaudalire. Ngati mukupita pa galimoto yanu, dzazani thanki musanawoloke malire, chifukwa mafuta akhala akusowasowa m'Malawi. Ndalama za ulendo wonse, komabe, Monkey Bay ndiye imatchipa, popeza simulipira malo ogona panjira.

Tsopano za pamalopo. Cape Maclear, yomwe eni ake amaitcha Chembe, ili makilomita ochepa kuchokera ku Monkey Bay, m'kati mwa malo osungira zachilengedwe a Lake Malawi National Park omwe anakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linawavomereza mu 1984. Malo ogona alipo ambiri, otsika mtengo ndi okwera omwe. Anyamata a maboti amakutengani kupita kuchilumba cha Thumbi, ndipo pamiyala pamenepo mukamwaza tizidutswa ta buledi m'madzi, timbuna tabuluu, tachikasu, tamizeremizere timakuzingani miyendo. Ine ndinaima m'madzi ofika m'chiuno mpaka zala kuchita makwinya, osafuna kutuluka. Woyendetsa boti anaimba likhweru, naponya kansomba, nkhwazi n'kutsika mumtengo kudzakatola pamaso pathu. Zotere ku Chembe mumazipeza mosavuta. Chovuta chake ndi phokoso, ogulitsa zosema okutsatani mumchenga, ndi mitengo ina yoikidwa poganizira azungu. Komanso likodzo ndi nkhani yodziwika m'madzi a kumeneko, makamaka pafupi ndi mudzi. Mukabwerako, pakatha miyezi iwiri kapena itatu pitani kuchipatala mukayezetse, ana makamaka.

Metangula ndi tauni yaing'ono, likulu la boma la Lago. Malo ogona ndi ochepa ndipo gulu la anthu makumi awiri liyenera kukonzeratu. Gombe labwino lili ku Chuanga, chakumpoto pang'ono. Boma lathu linalengeza mbali imeneyi kukhala malo otetezedwa mu 2011, ndipo mpaka pano alendo safikako ambiri. Chomwe chinandigwira mtima ine n'chakuti nditayenda masiku awiri, kudutsa dziko la eni ndi madera a Chiyao, ndinatsika chapa mayi wogulitsa mandasi n'kundilonjera m'Chinyanja. Kalankhulidwe kawo n'kosiyana pang'ono ndi kathu, koma tinamvana bwinobwino. Usiku ndinakhala pamchenga ndikuyang'ana nyali za asodzi a usipa zitandandalika pamadzi ngati mudzi, ndipo m'mawa amayi amayanika usipawo pamathandala, fungo lake lili ponseponse. Panalibe wondigulitsa kanthu. Kufupi ndi kumeneko kuli mishoni yakale ya Anglican ya Messumba, ndipo wokhala ndi masiku okwanira angapitirire pamsewu wadothi kukafika ku Cobué, komwe Likoma imaoneka kutsidya. Pachilumbapo pali tchalitchi chachikulu cha St Peter's chomwe anayamba kumanga mu 1903, koma kumbukirani kuti mukakwera bwato kupita uko mwalowanso m'Malawi, pasipoti ikhale m'thumba.

Nsomba ndi zomwezo mbali zonse: chambo, kampango, utaka, usipa. Wofuna kubwera ndi thumba la usipa wouma kunyumba, Monkey Bay imamukomera chifukwa katundu sachedwa panjira. Nyengo nayonso ndi imodzi. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera umawomba ndipo nyanja imakalipa, moti musakakamize woyendetsa boti akakana kutuluka. Seputembala ndi Okutobala madzi amakhala bata, ngakhale kwa ife a kumapiri kutentha kwake n'kosautsa. Neti ya udzudzu nyamulani kulikonse.

Ndinawauza akwayawo kuti ndi masiku atatu omwe anali nawo, ndi agogo awiri ndi ana m'gulumo, apite ku Monkey Bay osakayika. Metangula ndi ya munthu wokhala ndi sabata yathunthu, woyenda yekha kapena awiri atatu, amene sadandaula kugona panjira ndipo akufuna bata kuposa zosangalatsa. Ine ndikapeza sabata yoteroyo ndidzabwerera ku Chuanga. Akwayawo anapita mu Seputembala, ndipo mayi wina wachikulire anabwera ndi madzi a m'nyanja m'botolo la Fanta kudzaonetsa adzukulu ake.