Ejenti amene anandithandiza kugula nyumba ya ma student ku Chikanda

Ndinagula nyumba ku Chikanda ku Zomba kumapeto kwa 2023 kudzera mwa a ejenti ena ake omwe ali ndi kaofesi mtauni momwemo, dzina sinditchula, ndiye poti ndayenda nawo nthawi yokwanira ndati ndinene mmene amagwirira ntchito, mwina wina akuganiza zoponya ndalama zake pa nyumba ya ma student ngati mmene ndinachitira inemu.

Ine ndimakhala ku Lilongwe koma sukulu ndinapanga pa Chanco pomwepo, ku Chikanda ndinagonako zaka ziwiri ndi mesho wanga mu kachipinda kothina, nde ndimadziwa kuti ma hostelo a pa kampasi sakwana ndipo chaka chilichonse ma yearo, ana a chaka choyamba, amabwera ndi zikwama pamutu kusaka pogona. Msika ulipo, zimenezo sindinkakayika. Chomwe ndinkaopa ndi kugulitsidwa nyumba ya mikangano.

Apa pokha a ejentiwa ndiwayamika ndi mtima wonse. Tsiku loyamba anandionetsa nyumba zitatu, ine maso anali pa ina yotchipa yakumunsi kufupi ndi Likangala, penti watsopano, malata owala, koma iwo ananditengera kuseli komwe penti sanafikeko nkundilozera mzere wa matope pakhoma, kufika mmawondo mwanga, akuti apa mpomwe panalekezera madzi nthawi ya Freddy mu Marichi muja, bwana musagule iyi. Munthu woti komishoni yake imadalira kuti ndigule, nkumandiletsa yekha. Kuyambira pomwepo ndinawakhulupirira.

Nkhani ya mapepala anayigwiranso bwino kwambiri. Nyumba zambiri za mmakomboni ngati amenewa anthu amangogulitsana ndi kakalata ka kwa mfumu ndi mboni ziwiri basi, kenako mawa kukutulukira mphwake wa malemu kuti malo ano ndi athu. Iwowa anakakamira kuti tikafufuze kaye ku Lands ngati dzina la pa pepala ndi la wogulitsayo, tinapita ku khonsolo ya mzinda kukaona za ma city rates, nkupitanso ku Southern Region Water Board komwe tinapeza bilu ya madzi yosalipidwa ya miyezi yambirimbiri ndipo ndalama imeneyo inachotsedwa pa mtengo wa nyumba. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mwini nyumba anayamba kuzemba foni akufuna akweze mtengo, koma poti tinali titasainirana kale kwa loya a ejenti anawauza maso ndi maso kuti pangano ndi pangano. Simenti yokonzera zipinda ndiye inandipweteka, inali itakwera kale.

Pomwe anandilakwira ndi pa masamu. Anandilembera pa pepala zipinda 6, anthu awiriawiri, ndiye kuti mitu 12 kuchulukitsa ndi miyezi 12, ndalama yooneka bwino zedi. Nyumba ya ma student siyenda choncho ayi, imayendera kalendala ya sukulu. Akatsekera ana amanyamula matilesi kumapita kwawo, ena amakupempha kuti asiye katundu mchipinda alipire theka, ena salipira nkomwe, ndipo ndalama ya loni ikachedwa kutuluka ku bodi yopereka ngongole kwa ma student lendi nayonso imachedwa, sungamuthamangitse mwana wa munthu ali mkati mwa mayeso. Mu 2020 sukulu zitatsekedwa mu Marichi chifukwa cha Covid alandilodi anakhala miyezi ndi miyezi zipinda zili gwa. A ejenti zonsezi amazidziwa bwino kuposa ine ndipo anayenera kundiuza, makamaka atamva kuti gawo lina la ndalama ndikatenga ngongole ku banki, paja banki sidziwa za holide.

Nditagula ndinawapatsanso ntchito yoyang'anira nyumbayo, kutolera lendi ndi kukonzetsa zowonongeka, iwo nkumadulapo 10 peresenti mwezi ndi mwezi. Kutolera amatolera ndithu, lisiti amatumiza pa WhatsApp osachedwa. Koma zokonza ayi ndithu. Usiku wina cha mma 10 ndinalandira foni ya mtsikana wa chaka chachitatu, nambala yanga anachita kuipempha kwa oyandikana nawo, mawu akunjenjemera akuti pepani bambo kukuvutitsani usiku, thanki ya chimbudzi inadzadza masabata atatu apitawo, madzi oipa akuyenda pakhomo pomwe timaphikira ndipo ku ofesi tapitako kanayi. Zinandiwawa kwambiri, ana amenewa amalipira ndalama yomwe makolo awo amaipeza movutikira, ndipo ndi kolera amene anavuta dziko lino mu 2022 ndi 2023 chinthu ngati chimenecho si chochisiya ngakhale tsiku limodzi. Nditawaimbira a ejenti mmawa anapepesa, galimoto yopopa inabwera tsiku lomwelo, kusonyeza kuti zinali zotheka kalekale.

Za magetsi sanandichenjezenso, mita imodzi ya ESCOM anthu 12, wina ali ndi hotipuleti wina ketulo wina ayironi, mayunitsi kutha pa masiku atatu nkuyamba kulozana zala. Ndinachita kukhala nawo pansi anawo tinagwirizana zosonkha pa 1 paliponse ndipo mmodzi amasunga kabuku.

Pano zoyang'anira ndinawalanda a ejenti mwaulemu, lendi ana amanditumizira okha pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo mayi ena achikulire a nyumba yoyandikana ndi amene amandionera pakhomo, ndimawapatsa kangachepe pa mwezi, mpopi ukangoyamba kudontha foni yafika kale. Nyumba ya kuseli kwa yangayo ndamva kuti mwina igulitsidwa chaka chamawa, ikatero ndidzawaimbira a ejenti omwewa kuti akandionere mapepala ndi makoma, koma makiyi adzakhala kwa mayi aja.