Amazon S3: kupanga bucket n'kosavuta, koma zimene mwasankha patsamba loyamba zimakhalitsa

Amazon S3 ndi ntchito yosungira mafayilo pa intaneti imene kampani ya Amazon Web Services inayamba kupereka mu Marichi 2006, ndipo masiku ano mabungwe ambiri amasungako zithunzi, mavidiyo, zikalata ndi makope a deta yawo. Fayilo iliyonse imakhala m'kati mwa bucket, yomwe ili ngati nkhokwe yanu yosungiramo mafayilo, choncho munthu asanakweze kanthu ayenera kuyamba wapanga bucket yake, ndipo pa gawo limeneli ndi pamene ubwino wa ntchitoyi ndi misampha yake zimaonekera limodzi.

Kupangako sikutenga nthawi. Mukalowa mu akaunti yanu n'kudina batani lolembedwa "Create bucket", pamabwera tsamba limodzi lalitali, ndipo mukalidzaza n'kutsimikiza pansi pake, bucket imakhala yapangidwa pompopompo. Chimene ndikuona kuti tsambali silichenjeza mokwanira n'chakuti zina mwa zimene mukusankhazo sizidzasinthikanso. Dzina liyenera kukhala loti palibe wina aliyense padziko lonse amene analitenga, likhale la zilembo zoyambira 3 mpaka 63, zazing'ono zokhazokha, popanda mpata pakati. Mayina afupi ndi odziwika anatengedwa kalekale, motero ndi bwino kuyamba ndi dzina la bungwe lanu kenako n'kuwonjezera ntchito ya bucketyo. Mukadzalida dzinalo pambuyo pake, njira imakhala imodzi yokha, yopanga bucket ina ndi kusamutsira mafayilo onse kumeneko.

Dera limene mafayilo azikhala nalonso silisinthika. Kwa ife a kum'mwera kwa Africa, dera la Cape Town, limene linatsegulidwa mu Epulo 2020, ndilo lapafupi, ndipo mafayilo ochokera kumeneko amafulumira kufika ku Lilongwe kapena ku Lusaka kusiyana ndi ochokera ku America. Komabe derali muyenera kuyamba mwalitsegula mu akaunti yanu chifukwa silikhala lotsegula lokha, ndiponso mitengo yake ndi yokwererapo poyerekeza ndi ya ku Northern Virginia ku America, kumene kusunga GB imodzi kwa mwezi ndi $0.023. Ngati mukusunga makope amene mwina simudzawatsegula chaka chonse, liwiro lilibe phindu lenileni kwa inu, ndipo dera lotsika mtengo n'lokwanira.

Pa nkhani ya chitetezo ndiyenera kuwayamikira a Amazon kuchokera pansi pa mtima. M'mbuyomu mabungwe angapo anaulula zinsinsi za makasitomala awo chifukwa chosiya bucket yotsegula kwa aliyense osadziwa. Kuyambira mu Januwale 2023 fayilo iliyonse yatsopano imabisidwa ndi encryption, njira yosokoneza deta kuti wopanda kiyi asaiwerenge, popanda inu kuchitapo kanthu, ndipo kuyambira mu Epulo chaka chomwecho bucket yatsopano imabadwa yotsekedwa kwa anthu akunja. Kuti muitsegule muyenera kuchotsa nokha chizindikiro pa "Block all public access" ndi kuvomereza chenjezo limene limatuluka. Chovuta chimabwera mukafuna kulola wantchito mmodzi kuwerenga mafayilo ena koma osawafufuta, chifukwa malamulo a chilolezo amalembedwa mu JSON, kalembedwe kapadera ka makompyuta, ndipo munthu amene sanazolowere amatha kusokonezeka mpaka kungopereka mphamvu zonse kwa aliyense kuti ntchito iyende. Pamenepa mpofunika kupeza wodziwa kuti aone zimene mwalembazo.

Versioning, kapena kuti kusunga makope akale a fayilo iliyonse, ndiyo mbali imene ndimailimbikitsa kwambiri, koma imafuna kuimvetsa. Ikayatsidwa, fayilo imene mwaisintha kapena kuifufuta siitayika. S3 imangoika chizindikiro chakuti yafufutidwa, pamene kope lakale lidakali m'katimo ndipo mukhoza kulibwezeretsa. Izi zimapulumutsa munthu akalakwitsa, koma makope akalewo amalipiridwa ngati mafayilo ena onse ngakhale sakuoneka pa mndandanda. Ndiponso mukaiyatsa simungaichotseretu, mukhoza kungoiimitsa. Choncho tsiku lomwelo ikani lamulo la lifecycle lochotsa makope akale pakatha masiku amene mwasankha, apo ayi bilu idzakula mwakachetechete mwezi ndi mwezi.

Kumene ndikuona kuti S3 ndi yolemetsa ndi pa mtengo wotulutsira deta. Kukweza mafayilo sikulipiritsidwa pa GB, koma anthu akamawatsitsa, GB 100 zoyamba pamwezi ndi zaulere, kenako m'madera a ku America mumalipira pafupifupi $0.09 pa GB iliyonse, kutanthauza kuti kutsitsa fayilo kamodzi kumaposa mtengo woisunga miyezi itatu. Zonsezi kawirikawiri zimalipiridwa m'madola kudzera pa khadi ya kubanki, ndipo kwa kampani ya ku Malawi, kumene ndalama zakunja zimavuta kupeza, bilu yosayembekezeka si nkhani yaing'ono. Musanakweze fayilo yoyamba, ikani malire mu AWS Budgets, chida cha Amazon Web Services cholondolera ndalama zimene mukuwononga, kuti muzilandira imelo ndalama zikayamba kukwera.

Kwa ofesi yosunga makope a zikalata ndi deta, S3 ndiyoyenera ndipo ndingailimbikitse mosakayika. Koma kwa wailesi, sukulu kapena mpingo umene ukufuna kuti anthu ambiri azitsitsa mawu ndi mavidiyo, ndi bwino kuyerekeza ndi Cloudflare R2, ntchito yosungira mafayilo ya kampani ina, imene silipiritsa potulutsa deta ndipo imagwira ndi mapulogalamu ambiri amene anapangidwira S3.