Galasi, pulasitiki kapena matabwa: nsato yatsopano muisunge muti?

Mabanja atatu tsopano andifunsa funso limodzimodzi kuno ku Leeds, loti njoka yoweta aisunge m'bokosi lamtundu wanji, onse ana awo ataona njoka ya mwana wanga n'kuyamba kuvutitsa kunyumba kuti nawonso akufuna yawo. Ndiye ndati ndiyankhe kamodzi, makamaka chifukwa sindikufuna wina adzagule chimene anandigulitsa ine.

Njoka yake ndi imene kuno ku Britain amati royal python, ku America amati ball python, chifukwa ikachita mantha imadzipinda ngati nkhata, mutu n'kubisa pakati. Si nsato ya kwathu ija yomeza mbuzi. Iyi kwawo ndi kumadzulo ndi pakati pa Africa, ndipo zambiri zinachokera ku Ghana, Togo ndi Benin. Ilibe ululu, ikakula imatalika mita imodzi mpaka mita ndi theka, ndipo kuno safuna laisensi kuti uwete. Imakhala zaka 20 mpaka 30. Kwawoko masana imabisala mu una wa makoswe kapena m'chulu cha chiswe, momwe ndi mwamdima, mofunda, mwachinyezi. Nyumba iliyonse imene mungaigulire muiyeze ndi chulu chimenecho.

Ine ndinayamba ndi ya galasi, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Kusitolo anandiuza kuti zonse zofunika zili m'katoni imodzi: bokosi la galasi lokhala ndi chivindikiro cha sefa, kamphasa kamagetsi kotenthetsa pansi, pobisalira pamodzi, mbale ya madzi ndi kawotchi komata pakhoma koyezera chinyezi. Linali lokongoladi, pabalaza linkaoneka bwino. Tinagula kumapeto kwa Okutobala, nthawi imene m'nyumba muno timayamba kuyatsa ma radiator, zotenthetsera m'nyumba, tsiku ndi tsiku.

Njokayi imafuna chinyezi cha pakati pa 55 ndi 65 peresenti, ndipo ikamafundula chimafunika chikwere kuposa pamenepo. Ma radiator amaumitsa mpweya wa m'nyumba, ndiye sefa ya pamwamba ija ili ngati denga losafolera: chinyezi chonse chimathawira pomwepo. Ndinkawaza madzi m'mawa, pofika masana mwauma gwa. Kawotchi kaja kankangoloza pamodzimodzi, ine n'kumati zinthu zili bwino. Nditagula choyezera cha digito ndi pamene ndinaona kuti chinyezi sichinkafika ndi pa 40 pomwe. Nthawi yofundula itakwana, maso atachita mbuu monga zimachitira, khungu silinachoke lonse ngati sokosi ayi, linkachoka zidutswazidutswa, lina n'kukanirira kumchira ndi pa diso limodzi. Mwana wanga analira usiku umenewo poganiza kuti yachita khungu. Tinakathera kwa dokotala wa ziweto, ndipo dziwani kuti si dokotala aliyense amaona njoka. Tinayenda ulendo wautali kukapeza wodziwa zokwawa, ndalama yake n'kuposa imene tinagulira njokayo.

Dokotalayo ndiye anandifunsa kuti thermostat yanga, kachipangizo kozimitsa chotenthetsera kutentha kukafika pa mlingo woyenera, ndi yamtundu wanji. Ndinalibe. M'katoni muja munalibe, ndipo wogulitsa sanaitchule n'komwe. Apa ndi pamene mtima wanga unapsa kwambiri, chifukwa kamphasa kopanda thermostat kamangotentha osaleka, ndipo njoka sithawa msanga ikamapsa kumimba, imangogona pomwepo mpaka mabala. Yathu inapulumuka chifukwa pansi tinathira makoko ambiri. Kugulitsa chotenthetsera popanda thermostat kwa munthu amene wanena poyera kuti ndi koyamba kuweta, ine ndimati ndi kuba, ndiponso ndi nkhanza kwa chiweto. Mukawonkhetsa thermostat, zoyezera ziwiri za digito ndi pobisalira pachiwiri, kutchipa kuja kwatha.

Vuto lina la galasi ndi loti mbali zonse zinayi n'zoonekera. Nyama yozolowera una imakhala ndi mantha, ndipo ikachita mantha imakana kudya. Yathu inatha milungu isanu osalawa kanthu. Ena amati phimbani sefa ndi thaulo lonyowa, matani mapepala m'mbali. Zimathandizako, koma bwanji kugula chinthu chodula kuti uzichiphimba?

Bokosi la pulasitiki, longa losungiramo zovala lija, ndi limene linaichiritsa. Ndinaboola timabowo m'mbali, n'kuika kamphasa pansi mbali imodzi, ulendo uno ndi thermostat. Chinyezi chinakhazikika tsiku lomwelo, ndipo pasanathe milungu iwiri inadya. Oweta zambiri zogulitsa amagwiritsa mabokosi otere chifukwa ndi otchipa, opepuka, osavuta kutsuka. Chivindikiro chokha muonetsetse kuti chili ndi zomangira zolimba, njokazi zili ndi mphamvu zokankha. Kwa kamwana kongofika kumene, miyezi yoyamba, sindidziwa china choposa bokosili. Koma kuti ikhalemo moyo wake wonse, ayi, mtima wanga sulola. Amene amati njokayi ndi yaulesi sanaionepo usiku. Yathu magetsi akazima imatuluka, imakwera nthambi, imayendera ngodya iliyonse. M'bokosi lalifupi mulibe pokwera, simungapachikemo chotenthetsera cha pamwamba, ndipo mwana amene anailirira saiona n'komwe.

Imene tili nayo pano ndi vivarium (nyumba yowetera zokwawa) ya matabwa, ya masentimita 120 mulitali, 60 mulifupi, 60 msinkhu, yokhala ndi zitseko zagalasi zokoka kutsogolo kokha. Lamulo losavuta ndi loti njoka izitha kudziwongola yonse m'kati. Matabwa amasunga kutentha, choncho mbali yofunda imakhala pa madigiri 30 mpaka 32, yozizira pa 24 mpaka 26, ngakhale mu Januwale, osawononga magetsi ambiri. Chotenthetsera chili kudenga, chotchingidwa ndi waya kuti njoka isachizungulire n'kupsa. Pansi timathira makoko a kokonati. Utuchi wa paini ndi wa mkungudza musayerekeze, mafuta ake amaipweteka. Chilema cha matabwa n'chimodzi: madzi. Musanaikemo njoka matani m'ngodya zonse ndi silicone, chomatira chotsekereza madzi cha m'matanki a nsomba, mudikire fungo lithe, apo ayi matabwa adzafufuma. Zitseko mugulire loko, njokazi zimatha kuzikankha.

Vivarium ya PVC, pulasitiki wolimba, imachita zonse zimene ya matabwa imachita, siwola, ndi yopepuka, koma mtengo wake ndi wokwera. Mukakhala nazo ndalama, gulani imeneyo. Ine ndimakondabe ya matabwa chifukwa ndi imene inabweretsa mtendere m'nyumba mwanga.

Chilichonse chimene mwasankha, chiyatseni masiku angapo njoka isanabwere, muone kuti kutentha kwakhazikika. Pobisalira pakhale pawiri, kofunda ndi kozizira, pothina ndithu kuti thupi lizikhudza m'mbali. Ikafika isiyeni sabata yathunthu osaigwira, ana akakamire bwanji. Milungu yoyamba yalani mapepala oyera pansi kuti muone ngati yabwera ndi utitiri wa njoka, timadontho takuda toyenda. Chakudya ndi mbewa kapena makoswe ouma m'firiji, osungunula bwino n'kufunditsa. Zamoyo ayi, khoswe amaluma njoka. Yaing'ono imadya kamodzi pa sabata, ndipo ikadya musaigwire masiku awiri, ingasanze. Ife mbewa sitinyansidwa nazo, tinakula nazo ngati ndiwo, komabe izi si zodya anthu, zisungeni m'kabokosi kakekake kotseka, ndipo ana azisamba m'manja ndi sopo akagwira njoka chifukwa cha salmonella, tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba.

Choncho kwa mabanja atatu aja yankho langa ndi ili: yambani ndi pulasitiki, kwinaku mukusunga ndalama ya matabwa kapena PVC, ndipo thermostat mugule tsiku loyamba njoka musanailipire. Lagalasi lija likadali m'shedi kuseri. Mmodzi wa inu anandipempha kuti ndimugulitse motchipa, ndinakana, ndipo ndikanabe ngati ndi loti muikemo nsato.