Msinkhu Wovomera Kugonana: Njira ya Kenya ndi Njira ya South Africa

Lamulo la milandu yogonana la ku Kenya, lomwe aphungu anakhazikitsa mu 2006, limati munthu wosakwana zaka 18 sangavomere kugonana, ndipo silisiyanitsa bambo wa zaka 40 ndi mnyamata amene wangokwanitsa zaka 18 amene chibwenzi chake chili ndi zaka 17. Kaya ndi bamboyo kaya mnyamatayo, akapezeka wolakwa pogonana ndi wa zaka 17, chilango chochepetsetsa ndi zaka 15 m'ndende. Ubwino wa njirayi ndi woti malire ake ndi oonekeratu, kotero wogwiririra mwana alibe pobisala. Koma mu 2019 oweruza a khoti la apilo anadandaula kuti anyamata ambiri akuthera unyamata wawo m'ndende chifukwa cha zibwenzi za pamsinkhu umodzi.

South Africa inasankha zaka 16. Lamulo lake la 2007 linkaimba mlandu ngakhale ana awiri a zaka 14 amene apsompsonana mogwirizana, mpaka khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula mu 2013, pa mlandu wa Teddy Bear Clinic, bungwe lothandiza ana ozunzidwa, kuti zimenezi zimanyozetsa ana komanso kuwaopseza kuti asapite kuchipatala kukapempha uphungu. Aphungu anasintha lamulolo mu 2015: ana a zaka 12 mpaka 15 saimbidwa mlandu akagwirizana okhaokha, chimodzimodzinso wa zaka 16 kapena 17 ngati sanasiyane ndi mnzakeyo kupitirira zaka ziwiri.

Ine ndikuona kuti malire a zaka 18 amateteza bwino atsikana kwa amuna akuluakulu owanyengerera ndi ndalama, koma ayenera kukhala ndi mpata wa zaka ziwiriwo, kuti lamulo lisasandutse ana a sukulu kukhala akaidi.